Buku Lakuti Educated: Ndani Anafunsa za Mwana wa ku Buck's Peak?

Anzanga acinyamata, mwezi uno ndakubweretserani buku limene linandigoneka mocedwa masiku anai otsatizana. Dzina lake ndi Educated. Analilemba m'Cingerezi ndi Tara Westover, ndipo linasindikizidwa ku America m'caka ca 2018. Ine ndinalilandira kucokera kwa msuweni wanga amene ndi namwino kumeneko. Iye anasamuka ndi banja lake kucoka ku New York kupita ku Texas caka ca sukulu ciri pakati, ndipo anayamba kuganiza zophunzitsa ana ake awiri panyumba. Mnzake wa kunchito atamva zimenezi, anampatsa bukuli kuti limcenjeze. Tsono ndifuna tione pamodzi ngati bukuli liri cenjezo loyenera pa nkhani imeneyi, kapena ngati anthu akulisenzetsa katundu amene si wake.

Nkhani yake mwacidule ndi iyi. Tara anabadwa m'caka ca 1986 m'cigawo ca Idaho, cisinde pa ana 7, m'banja lokhala m'tsinde mwa phiri la Buck's Peak. Atate ake sanali kukhulupirira boma, cipatala kapena sukulu. Anali kuyembekezera kutha kwa dziko, nasunga cakudya ndi mafuta, ndipo pamene caka ca 2000 cinalowa popanda cacilendo ciriconse, anakhumudwa kwambiri. Amai ake anali mzamba ndiponso wodziwa mankhwala a zitsamba. Ana anali kugwira nchito pamalo a atate ao osankhirapo zitsulo zakutha. Tara sanakhale ndi cikalata cosonyeza kubadwa kwake kufikira atakwanitsa zaka 9, ndipo anayamba kulowa m'kalasi ali ndi zaka 17, pa yunivesite ya Brigham Young, atadziphunzitsa yekha masamu kuti apambane mayeso a ACT. Kucoka apo anafika ku Cambridge, kumene analandira digiri ya udokotala wa mbiri yakale m'caka ca 2014.

Cinthu coyamba cimene ndiyamikira ndi kuona mtima kwa wolemba. M'malo angapo, pansi pa tsamba, iye amakuuzani kuti mlongo wake wina akumbukira cocitikaco mosiyana ndi iye. Pa nkhani ya mwendo wa mlongo wake umene unapsa ndi moto, iye avomera kuti sagwirizana onse pa za amene analipo tsiku limenelo. Olemba mbiri ya moyo wao ambiri sacita zotere. Amafuna kuti tiwakhulupirire pa zonse. Uyu atisonyeza pamene cikumbukiro cake cagwedera, ndipo cifukwa ca ico ndinamkhulupirira koposa pa zinazo. Dziwaninso kuti makolo ake anatsutsa zambiri za m'bukuli kupyolera mwa loya wao, ndipo amai ake analemba buku laolao m'caka ca 2020. Tiri kumva mbali imodzi ya mlandu, koma woyankhulayo sabisa kuti ndi mbali imodzi.

Malo amene anandikhudza kwambiri si a ngozi za galimoto kapena za moto, ngakhale kuti ziripo zambiri, mwina zocuruka kuposa zimene bukuli likanafuna. Ndi tsiku limene Tara anakweza dzanja m'kalasi pa yunivesite kufunsa tanthauzo la liu lakuti Holocaust. Kalasi lonse linangoti zii. Anzake anayesa kuti akucita nthabwala pa imfa ya Ayuda 6 miliyoni. Koma mtsikanayo sanali atamvapo. Inu amene munacoka kumudzi kupita ku sekondale ya m'tauni mudziwa manyazi a mtundu umenewu, pamene aliyense adziwa cinthu cimene iwe wekha sudziwa, ndipo sudziwanso kuti ndi zingati zina zotere zimene zikudikira kutsogolo. Wolembayo walongosola bwino kwambiri kuti umbuli wotere suwawa uli kwanu. Umayamba kuwawa tsiku limene watuluka.

Tsopano ndinene pamene ndisiyana ndi mnzake wa msuweni wanga uja. Bukuli silinena za kuphunzitsa ana panyumba. Linena za kusawaphunzitsa. Tara yemwe afotokoza kuti amai ake anayamba ndi cangu, koma m'kupita kwa zaka maphunziro anazirala, natsala ongopatsa mwana buku kuti atsegule masamba yekha. Kutenga banja limeneli monga citsanzo ca mabanja onse ophunzitsa ana panyumba kuli ngati kuletsa anthu kuphika cifukwa nyumba ina inapsa. Ndiponso wolembayo acenjeza yekha pa tsamba loyamba kuti nkhani yake si yoweruza cipembedzo ca Amormon. Anthu ena a mpingo womwewo m'tauni yao anali kutumiza ana kusukulu ndi kupita kucipatala. Ndinena izi cifukwa ife a m'magulu a acinyamata timafulumira kuloza cala mpingo wa eni, pamene atate ouma mtima obisala kumbuyo kwa vesi tiri nao ngakhale m'mabenchi athu.

Koma musathamangirenso mbali inayo. Ena amati: onani, pa ana 7 aja, atatu ali ndi madigiri a udokotala, ndiye kuti njira ya makolowo inagwira nchito. Werengani bwino. Atatuwo ndi amene anacoka panyumba. Anai otsalawo, monga mwa bukuli, alibe ngakhale setifiketi ya sekondale. Tara anapulumuka cifukwa mlongo wake Tyler anayamba wacoka, nabwera kudzamuuza kuti kunja kuli dziko lina. Mwana wopanda Tyler akanatani?

Apa ndi pamene ndipeza colakwa cacikuru ca bukuli. Muli munthu wina amene anayenera kuonekera m'nkhaniyi koma saoneka, ndiye boma la Idaho. Wowerenga wa kuno kwathu, kumene silabasi ndi imodzi ndipo mwana wa Giredi 7 ku Chipata alemba mayeso amodzimodzi ndi wa ku Mongu, adzadabwa kuti zinatheka bwanji mwana kukula wosaonedwa ndi wina aliyense. Wolembayo, amene ndi katswiri wa mbiri yakale, sayima kuti atifotokozere. M'malo mwake gawo lacitatu la buku lithera pa maulendo a pakati pa Cambridge, Harvard ndi Idaho, ndi makalata a mkangano wa pabanja obwerezabwereza. Pamenepo ndinayamba kudumpha masamba, ndivomere.

Yankho lake ndi lakuti ku America lamulo la maphunziro si la dziko lonse. Cigawo ciriconse mwa 50 ciri ndi lake. Pofika 1993 kuphunzitsa ana panyumba kunali kololedwa m'zigawo zonse, koma zofunika zake zisiyana kutalitali. Ku Idaho lamulo lifuna kuti mwana wa zaka 7 mpaka 16 aphunzitsidwe, koma kholo silikakamizidwa kudziwitsa ofesi iriyonse, ndipo palibe mayeso okakamiza. Ku Texas nakonso, kumene khoti lalikuru la cigawo linagamula mlandu wa Leeper m'caka ca 1994, sukulu ya panyumba iwerengedwa monga sukulu ya pulayiveti, ndipo palibe amene amabwera kudzaona. Koma ku New York kholo liyenera kulemba kalata yodziwitsa akuluakulu a maphunziro a dera lake, kupereka ndondomeko ya zimene mwana adzaphunzira caka conse, kutumiza malipoti kanai pa caka, ndi kuyesa mwana caka cikatha. Mwana wa giredi 1 mpaka 6 afunika maola 900 pa caka. Ku Pennsylvania kholo lisunga nchito zonse za mwana, ndipo munthu wovomerezeka amaziona caka ndi caka.

Muone tsono cimene cicitika banja likasamuka. Lamulo silisamuka nalo. Lotsatira ndi la kumene mwafika. Wocoka ku Texas kupita ku New York angapezeke wolakwira lamulo osadziwa, cifukwa kumeneko kalata ija ifunika mkati mwa masiku 14 ciyambire kuphunzitsa. Wocoka ku New York kupita ku Texas, monga msuweni wanga, amangoona kuti maso onse amene anali pa ana ake acoka tsiku limodzi. Kwa kholo lakhama umenewu ndi mpumulo. Kwa mwana wonga Tara ndi citseko cotsekedwa. Ndipo banja longofika kumene liribe ambuye, liribe azakhali, liribe mnansi wodziwa kuti m'nyumba muja muli ana angati.

Thandizo liripo ndithu. Mabanja ambiri amapanga timagulu tokumana mlungu uliwonse, nthawi zambiri m'zipinda za chalichi, kholo lina nkuphunzitsa sayansi, lina nyimbo. Malaibulale a m'matauni ndi aulere. Zigawo zambiri ziri ndi sukulu za boma za pa intaneti. Ku Idaho komweko mwana wophunzira panyumba aloledwa kukaphunzira maphunziro ena pa sukulu ya boma. Bungwe la HSLDA, lokhazikitsidwa mu 1983, limateteza ufulu wa makolo, pamene la Coalition for Responsible Home Education, limene anayambitsa mu 2013 ndi anthu amene anaphunzira panyumba iwo eni, limamenyera kuti ana aziyang'aniridwa. Mabungwe awiriwa sagwirizana, ndipo ndibwino kumva onse. Koma zindikirani kuti thandizo lonseli limafika kwa kholo limene lalifuna. Atate a Tara sanali kulifuna.

Kodi muliwerenge? Inde, makamaka inu a Giredi 10 kupita m'mwamba, pakuti muli nkhanza za mlongo wina pa Tara zimene si zoyenera ang'onoang'ono. Cingerezi cake ncosavuta. Mukaliwerenga pagulu, yambani ndi magawo awiri oyamba, ndipo mufunsane kuti ndi anthu angati a m'tauni ija amene anamuona mtsikanayo akuimba m'chalichi ndi m'masewero, namuombera m'manja, osamfunsa kuti ali giredi yanji.

Msuweni wanga anaphunzitsa ana ake panyumba kwa miyezi isanu, kenaka anawalembetsa pa sukulu ya pafupi caka catsopano citayamba. Akuti cimene cinamthandiza si bukuli ai, koma mai wina wa pa gulu lokumana Lacinai amene anaona kuti mwana wamng'onoyo sanali kudziwa kugawa manambala, namuuza mosabisa.