Besi ya ku Balaka ndi funso la pamaliro

Pamaliro a mwana wa mlongo wanga, kumudzi wina kufupi ndi Ulongwe, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena mawu amene tonse tinawazolowera: "Abale, Chauta wachita kufuna kwake." Anthu anavomera. Ine mawuwo anandilemera, chifukwa mwanayo anagona masiku atatu thupi likutentha, ife akuluakulu tikukankhirana za ndalama ya kabaza. Usiku, amayi a kwaya atatopa, mnyamata wina analumikiza sipika ku batire n'kuika nyimbo zakale za Alleluya Band. Apo m'pamene ndinalira. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa kuti nyimbozi zili ndi chiyani chimene ulaliki uja unalibe.

Gululi linayamba mu 1978 ku Balaka, pansi pa mthunzi wa Akatolika, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Paul Banda ndiye anali msanamira yake, ndipo mng'ono wake Lucius anakuliramo ali kamnyamata. Situdiyo ya Paul, Imbirani Yahwe, inasula mawu amene dziko lonse linadzawatcha reggae ya ku Balaka. Mlaka Maliro, Billy Kaunda, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo onse anamwa pachitsime chomwecho.

Mvetserani besi. Siithamanga, siikongoletsa, imangoponda pomwe inaponda kale ngati ng'ombe yokoka ngolo ya thonje. Woimba kaya adandaule chotani, iyo siisuntha. Pamwamba pake kiyibodi imadula pang'onopang'ono, kusiya mipata yoti munthu apumiremo, ndipo makodi nthawi zambiri ndi atatu kapena anayi basi. Ena amati uku n'kusauka kwa luso. Ine ndimakana. Munthu wosweka mtima safuna nyimbo yomudabwitsa, amafuna pansi polimba poti apondepo. Besiyo imalalikira ulamuliro wa Mulungu popanda kutchula liwu lililonse: pali china chimene sichigwedezeka. Ndipo popeza besi yanena kale zimenezo, pakamwa pa woimba pamatsala pomasuka kunena zina. Atha kufunsa, kudandaula, ngakhale kuloza chala.

Apa ndi pamene mkulu wa mpingo uja anaperewera. Iye anali ndi liwu limodzi lokha, ndipo analigwiritsa ntchito ngati bulangete lofunditsira mlandu wathu. Nyimbo ili ndi mawu awiri oyenda nthawi imodzi. Pansi ikuti Mwini moyo alipo, pamwamba ikuti iwe munachita chiyani. Ndi mmene Yosefe anayankhulira kwa abale ake m'buku la Genesis: anavomereza kuti Mulungu anasandutsa choipa chawo kukhala chabwino, koma choipacho sanachitche dzina lina.

Kuloza chalaku si kwachilendo ku Balaka. Kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, inasindikizidwa pamakina a a Montfort m'tauni yomweyi, ndipo malowo anadzaotchedwa chifukwa cha kalatayo. Anyamata oimba kumeneko anaona ndi maso kuti kukhulupirira Mulungu wolamulira zonse sikutanthauza kupinda manja. Posakhalitsa Lucius anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man, ndipo nyimbo ngati Mabala inatenga kamvekedwe ka pemphero n'kukayang'anitsa kwa anthu amene anavulaza anzawo. Paul anakhalabe kufupi ndi guwa, mawu ake ofatsa ngati a katekisiti, pamene Lucius anatuluka n'kukaima pabwalo, mpaka kukhala phungu wa Balaka North mu 2004. Koma besi ya onse awiri ndi imodzi.

Za misozi tsono. Ife a Chikhristu timakangana nazo kwambiri. Ena, makamaka okulira m'nyimbo za m'buku, amaopa kuti kutengeka mtima kumaphimba nzeru. Ena amayesa kuti ngati mumsonkhano simunalire munthu ndiye kuti Mzimu sunafike. Oimba oyambirira a ku Balaka anapeza njira yawoyawo, ndipo ili m'kudziletsa. Woimba satsekula mmero wonse. Amayamba chapansipansi ngati akukamba nkhani pakhonde, n'kumakoka mawu pamene Chichewa chenicheni chimawakoka, pafupi ndi mapeto a liwu, kotero kuti womvera samva nyimbo yachilendo yovekedwa mawu athu, amamva munthu wakwawo akuyankhula. Kenako olandira amabwera onse pamodzi, monga zimakhalira pamtondo kapena pamaliro, ndipo chisoni cha munthu mmodzi chimasanduka cha mudzi. Msozi ukabwera umabwera chifukwa wamva zoona zimene unkazithawa, osati chifukwa wina wakufinya.

Sindinganame kuti zonse zotuluka m'sukulu imeneyi n'zabwino. Kiyibodi itayamba kuimba yokha ng'oma, besi ndi malipenga, ambiri anaona kuti chimbale n'chosavuta. Makaseti anadzaza m'minibasi za pakati pa Liwonde ndi Balaka, onse ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Besi ya makina siipuma pamodzi ndi woimba. Siidziwa kuchedwa pang'ono pamene mawu alemera. Choipitsitsa n'chakuti mawu nawo anafooka: umphawi, adani, ansanje, kenaka Mulungu adzandiyankha. M'nyimbo zotere wolakwa nthawi zonse ndi wina, ndipo Mulungu amangokhala womenyera woimbayo nkhondo. Liwu lachiwiri lija, lofunsa munthu za udindo wake, linazimiririka, n'kutsala bulangete lomwe lija, kungoti tsopano likuvinitsa. Izi zimandipweteka chifukwa dera lino likufuna funsolo kuposa kale. Namondwe Freddy atakokolola minda ku Machinga mu 2023, tinaimba zambiri za mphamvu za Mulungu, koma za mapiri amene tinawameta tokha ndi makala ndinamva zochepa.

Lucius atamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024, mawailesi anabwezanso nyimbo zakalezo kwa masiku angapo, ndipo ndinazimvanso ndili pakhonde la mlongo wanga. Iye ankatong'ola chimanga, osayankhula. Nyimbo ina itafika pomwe olandira amalowa, anaika chitsononkho pansi n'kunena kuti, "Achimwene, tsiku lija tikanangobwereka njinga." Ndinayankha kuti inde, tikanabwereka. Aka kanali koyamba kuti tizinene mokweza. Wailesi inapitiriza, besi ikuponda pomwe inaponda, ndipo tonse awiri tinakhala pamenepo mpaka nyimbo inatha.