Mthenga wa AI ndi Mneni wa Chichewa: Kuunika Chida Chofufuzira Msinthano wa Osewera

1. Mau Oyamba

Amalawi adayamba kale kupita ku Joni, kuyambira masiku a Wenela. Lero ambiri mwa achinyamata okhala mu Johannesburg amatsata mpira wa ku England pa SuperSport, ndipo ena amapikisana pa Fantasy Premier League, masewero a pa intaneti amene adayamba mu 2002. Mu 2017 mudalowa mtundu wina wotchedwa Draft. M'menemo anthu amasankha osewera molandizana, aliyense mpaka akwanitse 15, ndipo wosewera mmodzi sangakhale m'matimu awiri. Wofuna wosewera wa mnzake ayenera kupereka wake. Cholinga cha pepala lino ndi kuunika chida chimene mthenga wa AI amafufuzira misinthano yotereyi, makamaka pamene wofunsa akufuna yankho m'Chichewa.

2. Kagwiridwe Ntchito ka Chidachi

Kuyambira mu November 2024, pamene Anthropic idatulutsa Model Context Protocol, kulumikiza AI ndi nkhokwe za pa intaneti kwakhala kosavuta. Munthu akafunsa, mthenga amatuma chida kuti chikatenge zolembedwa: wopempha, wopemphedwa, wosewera wotuluka, wosewera wolowa, nthawi, ndi pamene nkhani yafika. Mbali iyi tiyenera kuiyamikira, pakuti mthenga amawerenga zimene zilipo m'malo molota. Koma ntchito yake ifanana ndi ya nkhoswe: kumva bwino sikokwanira ngati akalephera kufotokoza ku banja linalo. Vuto lagona pa kafotokozedwe.

3. Mavuto Atatu

Loyamba ndi la matanthauzo. Mau a Chingerezi akuti trade, mtanthauziramau amawamasulira kuti malonda, ndipo makina otsamira pa Chingerezi sachedwa kunena kuti wina wagula, wina wagulitsa. Komatu mu Draft mulibe mtengo wa wosewera. Mneni woyenera ndi wa msintho wochitirana, kusinthana, kapena kusinthanitsa pamene titchula osewera awiriwo: "Wasinthanitsa wotchinga kumbuyo ndi wotchinga kumbuyo mnzake." Nawo mau akuti draft sakunena za kalata yosamalizidwa, koma za kusankha molandizana.

Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi la nthawi za aneni. Msinthano umadutsa m'magawo: wina apempha, mnzake avomera kapena akana, ndipo m'magulu ena anzawo ali ndi mphamvu youthetsa usanachitike. Chichewa chili ndi njira yosiyanitsira zonsezi. Tikati "asinthana" ndiye kuti zachitika ndipo zikadali choncho. Tikati "adasinthana" tikunena za kale, koma tikatalikitsa liwu ndi kusintha kamvekedwe, "adaasinthana," womva amadziwa kuti zidabwezedwa. Mark Hanna Watkins adalongosola kusiyana kwa mtundu umenewu m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 1937, limene adalemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda. Tsoka lake, kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho makina ophunzira kuchokera ku zolembedwa zokha sakumana nako kusiyanaku. Chiganizo chimodzi chikhoza kuimira msinthano wokhazikika ndi wothetsedwa womwe. Pagulu la abwenzi amene asonkherana ndalama za mphotho, mneni mmodzi wosokonekera ndi wokwanira kuyambitsa mkangano.

Lachitatu ndi la agwirizanitsi. M'chiganizo chakuti "awatenga," mphatikiri -wa- akhoza kuimira osewera angapo kapena munthu mmodzi wolemekezeka. Komanso polemba mofulumira ambiri salekanitsa "wosewera" ndi "osewera." Mthenga amene waphunzira ulemu wa Chichewa popanda kudziwa malire ake adzasandutsa msinthano wa munthu mmodzi kukhala wa anthu ambiri.

4. Gwero la Vutoli

Sitinganene kuti Chichewa nchosowa mau. Chosowa ndi zolembedwa zophunzitsira makina. Ngakhale Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, chilankhulo cha mpira, chimene chimamveka pa wailesi ndi m'mabwalo, sichilembedwa kawirikawiri. Ngakhale muno mu Johannesburg, InkubaLM imene kampani ya Lelapa AI idatulutsa mu 2024 idatenga Chizulu, Chixhosa, Chiswahili, Chihausa ndi Chiyoruba, koma Chichewa mulibe.

5. Mau Omaliza

Chigamulo chathu nchakuti chidachi nchodalirika pofufuza, koma mthenga wake sayenera kusiyidwa yekha pofotokoza. Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, chiganizo chilichonse cha Chichewa chizitsagana ndi zolembedwa zenizeni, kuti wowerenga adzionere yekha. Chachiwiri, gawo limene msinthano wafika lizitchulidwa ndi mau athunthu: wapemphedwa, wavomerezedwa, wakanidwa, wathetsedwa. Chachitatu, oyesa zida zimenezi akhale eni chilankhulo odziwanso mpira. Ife akatswiri a zilankhulo tisanyoze masewero ngati nkhani ya ana. Wachinyamata amene mthenga wamusokeretsa kawiri m'Chichewa adzafunsa kachitatu m'Chingerezi, ndipo sadzabwereranso.