Galimoto ya mawaya

Dzulo pa Chinakanaka, kuseri kwa amayi ogulitsa zinanazi, kamnyamata kanandidutsa kakuyendetsa galimoto ya mawaya, pakamwa kakuliza injini. Ndinaima kaye.

Ndili mwana, galimoto yanga yoyamba inkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Waya ndinkawongola ndi mwala, kupinda ndi mano, mpaka m'kamwa kumveka dzimbiri. Luso lenileni lili pomanga: legeni ukalikoka kwambiri limaduka, ukalilekerera matayala a zitsekerero za mabotolo amagwedera. Madzulo tinkakumana ndi anzanga kuonetsana zomwe tawonjezera, wina kalilole, wina mpando wa dalaivala, ndipo tinkaberana nzeru popanda wodandaula.

Galimoto yapulasitiki ikathyoka, mwana amangolira. Koma kamnyamata kaja, tayala litaguluka, kanangokhala pafumbi, n'kumasula legeni ndi mano, n'kuyambanso kumanga.