Perete Sanena Zonse

Inu acinyamata a ku Kanyama ndi ku Chawama, mwaona mmene TV imaonetsera asilikali pa perete: nsapato zonyezimira, malipenga, mizere yoongoka ngati ulusi. Cithunzico n'cokoma ndithu, ndipo kwa munthu amene anatsiriza Giredi 12 nangokhala m'komboni osapeza nchito, cimakoka mtima. Koma cimabisa zambiri.

Kamera sikuuzani kuti dzina la Arakan Barracks linacokera ku Burma, kumene anthu a dziko lino anamenyana ndi Ajapani m'nkhalango mu 1945. Siionetsanso asilikali athu amene anagwidwa ndi zigawenga za RUF ku Sierra Leone mu Meyi 2000, atapita kukasungitsa mtendere.

Musanalembe kalata yofunsira usilikali, pitani kwa acikulire amene anavula yunifomu. Mwina mumakhala nao benchi limodzi m'chalichi. Musawafunse za malipiro okha. Afunseni kuti anakhala miyezi ingati osaona ana ao, ndi kuti penshoni anaidikira kwa nthawi yaitali bwanji. Ena adzakuuzani monyadira kuti usilikali ndiwo unawaumba. Ena adzayamba akhala cete, musafulumire kunyamuka.