Dzanja Lodziwa Polekezera Kukoka

Asanagwire chipeso, woluka tsitsi waluso amayamba walowetsa zala m'mutu mwa munthu amene wakhala patsogolo pake. Amayenda nazo kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, kumvetsera pamene tsitsi ladzaza, pamene lapyapyala, pamene lauma, ndi pamene linathothoka ulendo wathawu. Mwiniwake angakhale wabwera ndi chithunzi cha pafoni, koma zalazo ndi zimene zimagamula ngati mutu umenewu ungasenze zimene zili pachithunzipo. Ndimalemekeza kwambiri mayi amene amatha kunena kuti, "Achemwali, izi tidikire kaye, kutsogoloku kwatopa," akudziwa kuti ndalama ya tsikulo yachepa.

Tsitsi lathu lopotanali lili ndi chibadwa chake. Tsitsi limodzi mukaliona pa makina okuza zinthu, silobulungira ayi, ndi lophwatalala pang'ono ndipo limapindika mobwerezabwereza. Pokhota paliponse ndi pofooka. Mafuta amene khungu la pamutu limatulutsa amavutika kutsetsereka m'makhotamakhotamo kuti akafike kunsonga, choncho nsongazo zimauma, zimakolana, zimamanga timfundo, kenako chipeso chikadutsa zimaduka. Kutsinde tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Amene amadandaula kuti lawo silikula, nthawi zambiri likukula ndithu, kungoti zimene laonjezera kutsinde likuzitaya kunsonga. Ntchito ya kuluka yagona pamenepa: kubisa nsonga, n'kulipatsa tsitsi masabata angapo osakumana ndi chipeso.

Pokonzekera, woluka wodziwa sapesa tsitsi louma. Amaliwaza madzi, kulipaka mafuta ansatsi kapena akokonati, kuligawa panayi, n'kumamasula ndi zala kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde. Chipeso cha mano otalikirana chimabwera pambuyo.

Kenako amadula mizere, ndipo apa m'poyenera kuima n'kumaonerera. Nsonga ya chipeso imayenda pakhungu kamodzi kokha, mzere n'kutuluka woyera, wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe loolokera tsidya lina. Mutu wa munthu si wosalala mofanana paliponse. Pena watukuka, pena walowa, pena tsitsi limamera mozungulira. Wolukayo amatsata zonsezi ngati mlimi wodula akalozera m'munda wotsetsereka, kuti mizere ikaonekere yolingana ngakhale malowo sali olingana. Tsitsi limodzi losochera mzere limakokedwa mopingasa, ndipo ndi limene limabaya usiku wonse.

Poluka mizere yogona pamutu amagwira timagawo titatu. Kakumbali kamalowa pansi pa kapakati, kakumbali inayo nakonso chimodzimodzi, ndipo ulendo uliwonse chala cholozera chimatola katsitsi katsopano pakhungu n'kukaphatikiza. Kulowetsa pansiko ndi kumene kumachititsa kuti mzere utukuke n'kuoneka bwino. Chodabwitsa ndi muyeso wa katsitsi kotolako. Sakuyang'ana n'komwe, mwina akucheza za mtengo wa chimanga kapena akukalipira mwana amene wasendera kumbaula, koma chala chikutola mlingo womwewo kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Akatola kambiri, mzere umatupa pamenepo. Akatola kochepa, katsitsiko kamasenza katundu woposa mphamvu yake. Nzeru imeneyi imakhala m'zala, ndipo ambiri anaiphunzira ali ana, pakhonde, pamitu ya ang'ono awo.

Koma luso lenileni lili pa kukoka. Ambirife tinakula tikumva kuti kutchena kumafuna kupirira, ndipo tinazolowera kuona munthu akuchoka kusaluni nsidze zitakwera, osatha kutembenuza khosi, usiku n'kumwa Panado kuti agone. Zimenezi si umboni wa ntchito yolimba. Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa matenda a pakhungu wa ku University of Cape Town, pamodzi ndi anzake anafufuza anthu a ku Langa, dera la mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi. Vutoli analipezanso mwa atsikana a pasukulu, ndipo linali lalikulu pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala likulukidwa mokoka. Poyamba pamatuluka tiziphuphu m'mbali mwa mzere. Munthu akasiya msanga, tsitsi limameranso. Akapitiriza zaka ndi zaka, tsinde limafa, ndipo palibe mafuta amene angalidzutse.

Woluka wabwino amadziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za kafukufukuyo. Amalimbitsa cholukacho chokha, osati khungu. Timagawo titatu tija timathinana bwinobwino, koma patsinde pamakhala mpata woti munthu aseke, ayasamule, aweramitse mutu popanda kumva kung'ambika. Tsitsi lanthete la m'mphepete mwa mphumi ndi pafupi ndi makutu amalisiya osaligwira, ngakhale mwiniwake akakamire kuti lonse lilowe. Ndipo amafunsa, "Zikuwawa, asisi? Munene, tiphwasule," ndipo akanena amaphwasuladi.

Mameshi anabweretsa mayeso ena. Ulusi wake, monga Kanekalon wopangidwa ndi kampani ya Kaneka ku Japan, ndi wopepuka m'manja, koma ukafika m'chiuno n'kunyowa umalemera. Apa woluka amayerekeza kukula kwa chigawo cha tsitsi ndi kulemera kwa meshi amene apachikepo: kagawo kakang'ono sangakapatse katundu wamkulu. Kalukidwe ka knotless ndimakakonda pa chifukwa chomwechi. M'malo momanga mfundo yolemera patsinde, amayamba ndi tsitsi la mwiniwake, n'kumalowetsa meshi pang'onopang'ono akutsika, mwakuti polumikizira sipaoneka. Zimadya nthawi, koma munthu amamanga tsitsi lake pamwamba tsiku lomwelo osagwetsa msozi. Pomaliza amaviika nsonga m'madzi otentha kuti zisamasuke, thaulo lili paphewa.

Pa zonsezi, mtima wanga uli pa kumanga ndi ulusi, kumene agogo athu ankakudziwa kalekale ndipo Ayoruba a ku Nigeria amakutcha irun kiko. Wolukayo amagwira chigawo cha tsitsi, kuzunguliza ulusi wakuda kuyambira kutsinde mpaka kukwirira nsonga, kenako n'kupinda timitengoto kapena kutilumikiza pamwamba pa mutu. Palibe moto, palibe mankhwala. Tsitsi lopotana likanyowa limafupika kwambiri, koma likatuluka mu ulusi limakhala litatambasuka, lofewa, losavuta kupesa, utali wake weniweni n'kuonekera. Ena amakuyesa kwachimidzi kapena kwa ana asukulu. Ine ndimaona kuti ndi njira yaulemu kwambiri pa tsitsi, bola ulusiwo usathine patsinde.

Zolukazo zisapitirire masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo m'kati mwa nthawiyo khungu lizitsukidwa, usiku mutu uzifundidwa duku yoterera, poti nsalu yathonje imamwa chinyezi. Tsiku lomasula nalonso limafuna dzanja lodekha. Munthu amayoyola tsitsi 50 mpaka 100 patsiku mwachibadwa, ndipo lonselo limakhala litatsekeredwa m'zolukazo, litasakanikirana ndi mafuta ndi fumbi patsinde. Wodziwa amamasula chimodzichimodzi, kufewetsa kalitsiroko ndi mafuta, n'kuchotsa tsitsi lakufalo ndi zala madzi asanakhudze mutu, chifukwa likanyowa lisanachotsedwe limamangana mfundo zofuna lumo. Akatero amauza mwiniwake apumitse mutu sabata imodzi kapena masabata awiri, ndipo ulendo wotsatira mizere amaidula molowera kwina, kuti malo amene anasenza katundu nawonso apume.