Freud ndi Funso la Mtsibweni

Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna amene anabadwa m'chaka cha 1856, anaphunzitsa kuti mumtima mwa munthu muli zilakolako zobisika zimene mwini wake sazidziwa, ndipo zimatulukira m'maloto. Mfundoyi anailongosola m'buku lake lomasulira maloto la m'chaka cha 1899. Tiyenera kumuyamikira pakuti anaonetsa madokotala kufunika kotchera khutu wodwala akamalankhula.

Koma Freud ananenanso kuti mwana wamwamuna aliyense amachitira nsanje bambo wake polimbirana chikondi cha mayi. Kodi zimenezi n'zoona kwa anthu onse? M'chaka cha 1927 Bronisław Malinowski anatsutsa ganizoli. Iye anakhalapo pa zilumba za Trobriand, kumene mwana amatsata mtundu wa mayi, ndipo anapeza kuti mnyamata amasungira mkwiyo mtsibweni wake amene amamulamulira, pamene bambo amakhala ngati bwenzi.

Kwa ife Achewa, amene mwini mbumba ndi mtsibweni, nkhani ya Malinowski siyachilendo. Freud anapenya mabanja a ku Vienna nayesa kuti waona dziko lonse. Choncho pomuwerenga tizidzifunsa kuti akunena za banja la yani.