Luso lothamanga pambali pa mnzako

Pamsika wa ku Fíngoè, likulu la boma la Marávia ku Mozambique, mukhoza kukumana ndi mwana atagwira nsonga ya ndodo, agogo ake osaona atagwira nsonga inayo, akudutsa pakati pa milu ya tomato ndi nsomba zouma zochokera ku Cahora Bassa. Mwana amakhala patsogolo, agogo m'mbuyo. Mwana akaima nawonso aima, akakhota nawonso akhota. Umu ndi mmene ambirife tidaphunzirira kuthandiza munthu wosaona, ndipo ndi chifundo chenicheni. Koma pali kathandizidwe kena kamene kamandigwira mtima kwambiri, ka munthu wothamanga limodzi ndi katswiri wosaona pa mpikisano. Pa Chipwitikizi amamutcha guia.

Mu Seputembala 2016, pa masewero a Paralympics ku Rio de Janeiro, mtsikana wa zaka 18 wa ku Maputo, Edmilsa Governo, adathamanga mamita 400 m'gulu la T12, la anthu oona pang'ono zedi. Adamaliza pa masekondi 53.89 n'kutenga mendulo ya mkuwa, yoyamba ya dziko la Mozambique pa masewerowa. Patsogolo pake padali Omara Durand wa ku Cuba ndi Oksana Boturchuk wa ku Ukraine. Pambali pake, kuyambira pomwe mfuti idalira mpaka kumzere womaliza, padali Filipe Chaimite. Dzina la Edmilsa lidamveka ngati la Maria Mutola atabwera ndi golide kuchokera ku Sydney mu 2000, ndipo m'pake. Ine ndikufuna tiyang'ane ntchito ya munthu wapambaliyo.

Ntchito yake imayamba mfuti isanalire. Amamuikira mnzake zopondera, kumufikitsa pamalo, kumukhazika zala kuseri kwa mzere, ndi kumuwongola mapewa kuti aloze komwe njira ikupita. Awiriwa amapatsidwa tinjira tiwiri, n'chifukwa chake pabwalo la tinjira 8 mpikisano womaliza umakhala wa akatswiri anayi okha. Chowalumikiza ndi kachingwe kokhala ndi zokolowekamo zala kunsonga zonse ziwiri. Malamulo a masiku ano amati pabwalo kasapitirire masentimita 30, kufupika kwake ngati rula ya mwana wasukulu. Kudzera m'kachingwe kameneka munthu amamva ngati mnzake watopa, wachita mantha, kapena wapeza mphamvu zatsopano.

Tsono taonani miyendo. Woperekeza akakhala kudzanja lamanja la katswiri, kachingwe kamalumikiza dzanja lamanja la katswiri ndi lamanzere la woperekeza. Manja awiriwa ayenera kupita kutsogolo limodzi ndi kubwerera limodzi. Izi zikutanthauza kuti katswiri akaponya mwendo wamanzere, woperekeza aponya wamanja, monga amachitira munthu ndi chithunzi chake pagalasi. Woperekeza nthawi zambiri amakhala mwamuna wa miyendo yaitali, wozolowera kuponya phazi patali. Amasiya kathamangidwe kamene thupi lake lidazolowera kuyambira ubwana n'kutenga ka mnzake. Akaphonya sitepe imodzi yokha, kachingwe kamakoka, phewa la katswiri limagwedezeka, ndipo liwiro latayika.

Pokhota m'pamene luso limaonekera bwino. Aliyense amene adayendetsapo ngolo pamisewu ya ku Marávia amadziwa kuti pokhota gudumu lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Mpikisano wa mamita 400 uli ndi makona awiri, ndipo umayambira pakona pomwe. Amene ali kunja ayenera kutalikitsa sitepe pang'ono, koma mapazi a onse awiri azigundabe pansi nthawi imodzi. Katswiri saona kuti njira yayamba kupinda. Amamva ndi chigongono cha mnzake chikumukhudza, amamva ndi mawu.

Inde, woperekeza amayankhula akuthamanga. Amene adayesapo kuzungulira bwalo la mpira mwaliwiro lake lonse akudziwa mmene chifuwa chimatenthera pamapeto, mmene miyendo imalemerera ngati yamangiriridwa miyala. Pa nthawi yomweyo woperekeza ayenera kukhala ndi mpweya wotsala wouzira mnzake kuti kona yatha, atsala mamita angati, wina akubwera pafupi. Mawu ake amakhala afupiafupi, ogwirizana kale pa zokonzekera, oti amveke pakati pa phokoso la anthu zikwizikwi. Motero woperekeza ayenera kukhala waliwiro kuposa amene akumuperekeza, ndipo liwiro lotsalalo amaligwiritsa ntchito poona, poganiza ndi poyankhula.

Lamulo lomwe limandisangalatsa kuposa onse ndi la kumapeto. Woperekeza saloledwa kukoka kapena kukankha mnzake, ndipo saloledwa kuwoloka mzere womaliza katswiri asanawoloke. Akatsogola ngakhale ndi chifuwa chokha, onse awiri achotsedwa mumpikisano, thukuta la zaka zinayi lapita pachabe. Ndiye pa masitepe omaliza, pamene thupi la wothamanga aliyense limafuna kudziponya kutsogolo, iye amadzigwira, nabwerera m'mbuyo pang'ono kuti mnzake adutse poyamba. Munthu wamphamvu zopambanira mpikisanowo amaphunzira kwa zaka zambiri kufika wachiwiri mwadala. Kuyambira pa masewero a ku London mu 2012 operekeza nawonso amavekedwa mendulo, koma nthawi yolembedwa m'mabuku ndi ya katswiri.

Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha. Pabwalo lothamangira mawuwa amaoneka ndi maso. Edmilsa sadanyamulidwe kupita ku mendulo ija. Miyendo idali yake, mapapo ake, kupirira kwake. Chimene Chaimite adamupatsa ndi ufulu wothamanga ndi mphamvu zonse popanda kuopa kugwa.

Phunziro limeneli ndi la aliyense amene amadzipereka pa masewero a anthu aulumali, kaya ndi mphunzitsi, wa kumpingo, kapena wantchito wa kukampani amene wapereka Loweruka lake kuti adzagawe madzi, adzagwire wotchi ndi kulemba mayina. Mtima wofuna kuthandiza umathamangira kugwira njinga ya munthu osapempha, kumuyankhira mafunso, kuima patsogolo pojambulitsa. Woperekeza waluso amayamba wafunsa kuti, "Kodi ndikhale mbali iti? Ndiziyankhula kwambiri kapena pang'ono?" Amabweranso mawa ndi mkuja, chifukwa miyendo ya anthu awiri sigwirizana tsiku limodzi.

Ku Fíngoè n'kutali ndi mabwalo a mphira a ku Maputo, koma luso ili silifuna zambiri. Likufuna bwalo la sukulu losalazidwa bwino, lochotsedwa miyala ndi zitsa, kansalu kong'amba pa chitenje chakale komanga mfundo kunsonga zonse, ndi mnyamata kapena mtsikana waliwiro wololera kuphunzira sitepe ya mnzake. Mwana uja wa pamsika amadziwa kale kumva agogo ake kudzera m'ndodo, amadziwa pomwe akuzengereza ndi pomwe akufuna kufulumira. Chatsala n'chakuti tsiku lina aime pambali pa mnzake wa m'kalasi wosaona, agwirane kansalu, ayambe ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono, ndipo akayandikira mzere wolembedwa ndi phulusa, amusiye mnzakeyo awoloke poyamba.